Mlendo ndi Mame

Agogo anga aakazi akamva mmodzi wa ife akung'ung'udza kuti mlendo watilanda mphasa, kapena kuti ntchafu ya nkhuku yapita m'mbale yake, ankangoyankha ndi mawu atatu: "Mlendo ndi mame." Akatero ankapitiriza kutongola chimanga chawo, osawonjezerapo kanthu. Tanthauzo lake tinkalidziwa. Mame sachedwa kukamuka. Dzuwa likangokwera pang'ono udzu umauma ngati sipanagwe kanthu. Choncho pirira, mpatse mphasayo, muphere nkhukuyo, mawa lomweli atsanzika. Zaka zonsezi mwambiwu ndinkaumva ngati malangizo a mwini khomo. Ndinali ndisanauganizirepo ndili mbali ya mameyo, kufikira tsiku lina m'mwezi wa Juni pamene mamewo ndinali ineyo, pakhomo pa mnzanga wa paubwana mumzinda wa Glasgow, ku Scotland.

Ine ndi mnzangayu tinakulira limodzi ku Ndirande. Tinkamenya mpira wachikulunga pabwalo limodzi, tinkagawana chinangwa chootcha pa buleki, ndipo amayi ake ankandikalipira ngati mwana wawo. Anachoka zaka 14 zapitazo kutsatira akazi ake, omwe ndi namwino. Iye amagwira ntchito panyumba yosamalirako okalamba. Ine ndinapita ku Britain pa zantchito, ndipo ananditsalira masiku awiri okha oti ndikawaone. Nditamuimbira foni anangoti, "Bwerani achimwene, zinazo mundisiyire ine."

Zinazozo ndinazidziwa nditafika. Kuti apeze tsiku limodzi loyenda nane, anasinthana ndi mnzake wa kuntchito, n'kuvomera kudzagwira Lamlungu kawiri motsatizana. Alamu anga anagwira ya usiku kuti madzulo ake adzakhale pakhomo. Kwathu mlendo timamuphera nkhuku. Kumeneko nkhuku sivuta, imagulidwa yososola kale m'sitolo. Chimene amakuphera ndi tsiku. Ndipo kwa munthu wolipidwa pa ola, wolipira lendi, wotumiza za feteleza ndi za fizi kumudzi, tsiku ndiye tambala wonona kuposa onse m'khola.

Kunacha msanga, poti mwezi umenewu kumeneko kumayera 5 koloko isanakwane. Alamu analowa cha m'ma 8, maso ali psuu ndi tulo, komabe sanapite kukagona asanandilonjere. "Takulandirani alamu. Mwasiya bwanji kumudzi?" Ndinatsekula chikwama n'kutulutsa zomwe ndinatenga: usipa wouma, mpunga wa Kilombero, tsabola wa kambuzi, ndi kathumba ka ufa woyera komwe amayi a mnzangayo anapeta okha. Alamu anamasula pepala la usipa, n'kulifikitsa kumphuno, n'kutsinzina. Sanalankhule. M'khitchini monse munamveka fungo la msika wa Limbe. Mwana wawo wamkazi wa zaka 11, wobadwira komweko, anayang'ana amayi ake modabwa, poona kuti akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Lero tikupita nanu ku Blantyre," anatero mnzanga akuthira tiyi.

Tinakwera sitima pa Glasgow Central anthu atatu, ine, iye ndi mwanayo. Patangopita mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, chikwangwani chinatulukira pawindo: Blantyre. Kuyambira ku pulayimale ndinkadziwa kuti mzinda wathu unatengera dzina kumeneku, koma za kumva ndi za kuona sizifanana. Dzina lomwe ndalilemba pa makalata ndi pa mafomu moyo wanga wonse linali pasiteshoni yaing'ono, ya zii, yopanda woitanira minibasi, yopanda mayi wa mandasi. Kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Tinayang'anana ndi mnzanga, mawu n'kutuluka pamodzi: "Chiperoni."

Tikutsetserekera kumtsinje wa Clyde anandiululira. "Achimwene, zaka zonsezi kuno sindinapondeko. Ndimangoti ndidzapita, ndidzapita." Sindinadabwe. Inenso tchalitchi cha St Michael and All Angels ndachidutsa kosawerengeka, koma kuima n'kuyang'anitsitsa kaluso ka njerwa zake ndinaima tsiku lomwe ndinaperekezako mlendo. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nthawi zina kalumoko kamangokhala maso, maso omwe sanazolowere. Mwini mudzi amawabwereka tsiku limodzi, n'kuona zomwe wakhala akuziponda.

Nyumba yomwe David Livingstone anabadwiramo pa 19 Malichi 1813 ikadalipo. Imatchedwa Shuttle Row, ndi yosanja, yoyera mbee, ndipo inamangidwira mabanja a anthu ogwira ntchito pafakitale ya thonje yomwe inali m'mphepete mwa mtsinjewo. Banja lililonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Titafika m'chipindamo ndinaima n'kumayeza ndi maso. Malo ogona analowetsedwa m'khoma ngati makabati. Pamoto pophikira ndi pomwepo, powothera ndi pomwepo. Bambo, mayi ndi ana ankaphika, kudya, kupemphera ndi kugona m'kachipinda komweko. Mnzanga anandinong'oneza, "Kodi si za kwathu ku Ndirande izi?" Zinalidi zomwezo.

Kusukulu anationetsa mzungu wa chipewa ndi ndodo, dokotala wotchuka. Chomwe sichinandilowe m'mutu nthawi imeneyo n'chakuti anali mwana wa amphawi. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitalemo, yolumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankakhalanso m'kalasi maola awiri. Mwana wa mnzanga anawerengera pa zala n'kupeza maola 14. Anatembenukira kwa bambo ake, m'Chichewa chake chodukaduka: "Adadi, kuposa shifiti yanu." Bambo akewo anangogwedeza mutu. Thonje lambiri lomwe linkalowa m'mafakitale a ku Britain masiku amenewo linkalimidwa ndi akapolo kutsidya la nyanja, ku America. Zala zomwe zinadzalemba makalata odzudzula malonda a anthu zinakulira pa ulusi woterowo.

Mkati mwa nyumbayo muli unyolo wa akapolo, wachitsulo, wakuda ndi ukalamba. Titafika pamenepo macheza anazima. Ndinakumbukira goli lomwe tinkajambula m'makope a mbiri yakale, ndi madhawu a kwa Jumbe ku Nkhotakota owolotsa anthu panyanja ngati mitolo ya nkhuni.

Livingstone kwathu anali mlendo. Nyanja yathu anaiona koyamba mu 1859, anakwera ndi kutsika mtsinje wa Shire, koma sanamangeko mudzi. Anali mame. Koma taonani zomwe mamewo ananyowetsa. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anafika kunyanja. Mu 1876 a Church of Scotland anamanga mishoni pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, n'kuitcha Blantyre pokumbukira kamudzi komwe ndinaimamoka. Masukulu, zipatala, mabuku a m'chinenero chathu ndi kutha kwa ukapolo zinadzera m'njira imeneyo. M'njira yomweyonso munadzera boma la atsamunda mu 1891, msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa minda ndi thangata. Mayi aliyense amadziwa kuti mame omwe amatsitsimutsa nyemba kudimba ndi omwewo amene amawononga ufa woiwalidwa pamphasa usiku. Mlendo amapita ndithu, koma sapita ndi zonse.

Chomwe chinandigwira mtima koposa ndi china. Nyumba ya Shuttle Row ija itakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2021, anaperekamo malo kwa anthu akuda omwe ankayenda ndi Livingstone. Aliyense amene analawirirapo ulendo wa m'tchire amadziwa kuti wotsogola ndiye amasasa mame, wapambuyo amadutsa pouma. Otsogola anali awa. Ndiwo ankadziwa njira ndi zinenero, ndiwo ankapempha njira kwa mafumu, ndiwo ankasenza katundu ndi kuphika. Mmodzi mwa iwo anali Chuma, Myao, yemwe anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 ali kamnyamata, kumapiri a kwathu konkuno, n'kukakhala ku Magomero. Wina anali Susi, yemwe anayamba kuyenda naye kuchokera ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, iwo ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa, n'kulisenza ulendo wa makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja yamchere. Anayenda miyezi pafupifupi 9. Ena anafera m'njira. Ku Unyanyembe anakumana ndi azungu omwe anawalangiza kuti angoika malirowo pomwepo, koma anakana. Mmodzi wa gululo, Jacob Wainwright, anaperekeza bokosi mpaka ku London, komwe mwambo woika unachitikira ku Westminster Abbey mu Epulo 1874.

Mwana uja anawerenga zonsezi mwakachetechete, kenako anandikoka malaya. "Ankolo, bwanji sanangomuika komweko?" Ndisanatsegule pakamwa, bambo ake anayankha. "Mlendo akafera pakhomo pako, mwanawe, umamubweza kwa abale ake. Umunthu ndi umenewo."

Panja tinajambulitsa pachiboliboli chachikulu cha mkango womwe unamuphwanya mkono Livingstone ku Mabotsa mu 1844. Kenako tinagula nsomba yokazinga ndi tchipisi, zokulunga m'pepala, n'kukhala pabenchi. Mvula inali itakata. Mwana anapita kukathamanga paudzu, ndipo mnzanga anayamba kundifunsa maina. Anayambira nyumba ya pakona, n'kumatsika mzere wathu wonse khomo ndi khomo.

"Atelala aja alipo?"

"Anatisiya chaka chatha."

"Ooh. Nanga kamtsikana ka pampopi kaja, kolira kaja?"

"Ndi mphunzitsi pano, ali ndi ana awiri."

"Kodi! Nanga mtengo wa mapeyala wa kuseri kwathu?"

"Anaudula. Pamangidwa nyumba ya lendi."

Yankho lililonse ankalilandira ngati munthu wolandira njerwa, n'kukaliika pamalo pake. Ndinazindikira kuti m'mutu mwake ankasunga mudzi womwe unaima tsiku lomwe anakwera ndege. Foni imanena za maliro ndi za ukwati, koma siinena za mtengo wa mapeyala. Zoterezo amabwera nazo ndi munthu wokhala nawe pabenchi, wosathamangira mayunitsi.

Atakhala chete kanthawi, anayamba yekha. "Kuntchito kuli gogo wina, ndimamusambitsa m'mawa uliwonse. Ana ake ali kutali, amabwera mwa apo ndi apo. Amandigwira dzanja osafuna kulisiya. Ndimamupesa tsitsi bwinobwino. Ndiye ndikamapesa, achimwene, mtima umandifunsa kuti, nanga amayi anga akuwapesa ndani?"

Sindinafulumire kuyankha. Nkhani yotere siifuna mawu otonthoza opanda kanthu m'kati. Ndinamuuza zomwe ndinaona ndi maso anga sabata yomwe ndinkanyamuka: kuti malata omwe anatumizira ndalama sakudontha, kuti mankhwala awo sawathera, kuti mlongo wake amagona komweko, kuti ufa uja anapeta okha atakhala pakhonde, akuimba nyimbo ya kumvano. Ndinamuuzanso kuti amafunsa tsiku lomwe adzabwere, chifukwa kubisa zimenezo kukanakhala kumunamiza. Anapinda pepala la tchipisi kanayi, n'kunena motsitsa mawu, "Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Masana tinabwerera mumzinda. Tinalowa mu Glasgow Cathedral, tchalitchi cha miyala yakuda chomwe chaima zaka mazanamazana, tinaona chiboliboli china cha Livingstone pabwalo lake, tinakwera kaphiri ka manda a Necropolis n'kuona mzinda wonse uli pansi pathu. Mumsewu wa Buchanan mnyamata wovala kilt ankaliza chitoliro chawo cha thumba, anthu akumuponyera makobidi. Zonsezi zinali zokongola, ndipo zithunzi ndili nazo. Koma mtima wanga unali utatsalira pabenchi paja.

Pomwe tinkafika kunyumba n'kuti mphika waukulu uli pamoto, alamu atamanga chitenje pamwamba pa diresi, mthiko uli m'manja. Mbiri inali itawanda kuti kwabwera munthu wochokera kumudzi. Anayamba kugogoda mmodzimmodzi: mnyamata wa ku Mzimba wophunzira payunivesite, mayi wachikulire wa ku Zomba yemwe aliyense ankamutcha amayi, dalaivala wa basi wa ku Nsanje ndi banja lake, ndi bambo wina wa ku Chipata yemwe Chinyanja chake chinalowerera m'macheza popanda msoko. Mpopi unali pomwepo m'khitchini, koma alamu anakana. Anabweretsa beseni ndi jagi, n'kutisambitsa m'manja mmodzimmodzi, kuyambira amayi aja. Nsima inali ya ufa uja. Usipa anauphika ndi tomato ndi anyezi, pambali nyemba ndi masamba otendera. Kwa kanthawi m'nyumba munangomveka mbamu zikulowa m'msuzi.

Kenako mafunso anandigwera ngati matalala. Thumba la chimanga likugulidwa bwanji? Mvula inagwa bwanji kumwera? Msewu wa kwathu anaukonza? Wina wa Bullets ndi wina wa Wanderers anayambana mokoma ngati ali pa Kamuzu Stadium. Nthawi inapitirira 9 koloko kunja kukali kowala, ana akusewera pabwalo ngati ndi masana. Ena ankandipatsa mauthenga opita nawo kwa abale, ena ankandiuza zakukhosi zomwe sankafuna kuti zikafike kumudzi. Ndinakumbukira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlendo amanyamula mitolo iwiri, wokatula ndi wosunga, ndipo ayenera kudziwa kuisiyanitsa.

Tili pakati pa tiyi, dalaivala uja anatulutsa foni n'kupempha kuti timumvere. Mumzinda wina ku England munachitika zovuta. Mmalawi mnzathu, bambo wa ana atatu, anamwalira mwadzidzidzi, ndipo abale ankafuna kuti thupi likaikidwe kumudzi. Kutumiza maliro pandege ndi ndalama zambiri, zoti banja limodzi silingakwanitse. M'chipindamo munalibe yemwe ankamudziwa bwino malemuyo. Wina anangomuonapo kamodzi kutchalitchi. Komabe panalibe wofunsa kuti anali wa boma liti kapena wa mpingo uti. Mafoni anatuluka m'matumba, aliyense n'kutumiza zomwe akanatha. Wophunzira uja, yemwe ndikudziwa kuti amawerengera khobidi lililonse, anatumiza zake mutu uli pansi. Mutu umodzi susenza denga.

Ndinayang'ana mwana wa mnzanga. Anali atasiya kusewera, ataima pakhomo, akuonerera. Sindikudziwa ngati analumikiza zomwe anawerenga m'mawa ndi zomwe ankaona usikuwo. Ine ndinalumikiza. Zomwe anachita Chuma ndi Susi ndi mapewa, awa ankazichita ndi malipiro a shifiti. Mwambo ndi womwewo, sunafe, unangowoloka nyanja.

Amayi a ku Zomba aja ndiwo ananena mawu omwe ndayenda nawo mpaka lero. Asanapemphere anatiyang'ana tonse n'kuti, "Ana anga, tikukhala mumzinda umodzi, koma ena mwa inu ndinakuonani komaliza pa Khirisimasi. Timasonkhana chonchi kukagwa zovuta. Lero tasonkhana chifukwa cha mlendo. Tiziyenderana tikadali ndi maso."

Pa kuperekeza akufa, ife Amalawi sitilephera. Timabwereka ndalama, timagona panja, timayenda usiku wonse pa lole kuti munthu akagone pafupi ndi makolo ake. Ndi chuma chathu chimenecho, ndipo tisachitaye. Koma mtunda womwe timayenda kukaika munthu bwenzi titauyendako ngakhale theka kukamuona akadali moyo, kukadya naye usipa, kukamuuza za mtengo wa mapeyala. Timazengereza poganiza kuti tilibe chotengera, kuti tikavutitsa eni khomo, kuti masiku awiri ndi ochepa. Koma agogo sanati mlendo ndi mvula. Mvula imadza ndi mabingu, imadzaza mitsinje, aliyense amaiona. Mame amadza mwakachetechete, ochepa, m'miyezi yomwe mvula inapita kale, ndipo ndi amene amasunga kamsipu kuti kasaumiretu. Mnzanga sanafune kuti ndimuthetsere mavuto. Anafuna munthu wodziwa dzina la atelala aja.

Ndipo usiku umenewo ndinaona kuti m'nyumbamo mlendo sindinali ndekha. Eni khomo nawonso ndi alendo m'dziko la eni, ngakhale atakhalamo zaka 14. Gogo wopesedwa tsitsi uja watsala pang'ono kutsanzika. Livingstone anali mlendo kwathu, Chuma ndi Susi anadzakhala alendo kwawo kwa Livingstone pomwe anafika ku Britain mu 1874, maliro ataikidwa kale. Tonse tikudutsa. Mwambi wa agogo umauza mwini khomo kuti apirire, komanso umafunsa mlendo kuti, iwe poti sukhalitsa, usiya utanyowetsa chiyani?

M'mawa mwake mnzanga anandiperekeza kukakwera basi asanapite kuntchito. Udzu wa m'mbali mwa msewu unali wonyowa, nsapato zathu zinada kunsonga. Anandipatsa bulangete lokhuthala, envelopu, ndi chithunzi chomwe alamu anasindikiza usiku womwewo: mnzangayo ndi mwana ataima pansi pa chikwangwani cha pasiteshoni paja. Mwana anatuluka atavala jekete pamwamba pa zogonera, n'kunena mawu omwe anawayeserera ndi amayi ake: "Muyende bwino, ankolo. Mukawapatse moni agogo."

Patatha sabata ndinakwera kamtunda ka ku Ndirande, bulangete lili kukhwapa. Amayi a mnzanga ndinawapeza pakhonde pomwe ndinawasiya. Anandifunsa ngati mwana wawo wanenepa, ngati akudya nsima, ngati kamdzukulu kakudziwa kupereka moni. Ndinayankha zonse. Kenako ndinawapatsa chithunzi chija. Anachitalikitsa pang'ono ndi maso, anasisita nkhope ziwirizo ndi chala, n'kuyamba kuwerenga chikwangwani chilembo ndi chilembo. Atamaliza anachiika pachifuwa.

"Blantyre," anatero. "Kani mwana wanga sali kutali."